Makina Okonzedwanso: Kodi Akadali Omwe Aja?

M'mashopu a ukalipentala wamakono muli makina otchedwa CNC rauta, amene amadula ndi kugoba matabwa motsatira malangizo ochokera pa kompyuta. Ali ndi tebulo lalikulu, mtanda woyenda pa njanji ziwiri, ndi mota yothamanga kwambiri imene imazunguza kampeni kodulira. Amasema zitseko, amalemba zikwangwani, ndipo amatha kudula zidutswa za makabati mazanamazana zofanana ndendende. Koma chida chilichonse chimakalamba. Utuchi umalowa m'ma bearing, njanji zimaperepeseka, mawaya amene amapindika tsiku ndi tsiku amaduka m'kati, ndipo kompyuta imene inkawayendetsa imafika potha ntchito. Mwini shopu akaona kuti felemu ikadali yolimba, amawaphwasula n'kuyamba kusintha zitsulo chimodzichimodzi mpaka zakale zotsala zimachepa kuposa zatsopano. Pamenepo pamabuka funso lakale kwambiri: kodi makina amenewa akadali omwe aja, kapena abadwa ena? Yankho langa n'lakuti ndi omwe aja, ndipo yankholi lili ndi katundu wake. Chinthu chokonzedwanso chimanyamulabe mbiri yake, ndipo aliyense wochitcha chatsopano pofuna kubisa mbiriyo akunama, kaya akunena za makina kaya za munthu.

Tiyambe taona kukula kwa kusinthako, kuti funsoli lisaoneke ngati lopepuka. Mota yakale ija, imene nthawi zambiri imakhala rauta yamanja yomangiriridwa pa mtanda, imachotsedwa. M'malo mwake mumalowa spindle ya makilowati 2.2 yozizitsidwa ndi madzi, imene imazungulira mpaka ka 24,000 pa mphindi imodzi popanda phokoso logonthetsa m'khutu. Malamba ndi zitsulo za mazinga zimene zinkakankha mtanda zimasiyira malo ma ball screw, omwe sagwedera posintha njira. Mamota oyendetsa amasinthidwa ndi ena otha kudziwa okha ngati aphonya. Bokosi la magetsi limakonzedwa mwatsopano, chifukwa mapulogalamu akale monga Mach3 ankadalira khomo la kompyuta lotchedwa parallel port, limene makompyuta ambiri a masiku ano alibe. Ambiri amasamukira ku LinuxCNC kapena GRBL. Ntchito yotereyi si yachilendo m'mbiri ya luso limeneli, pakuti linayamba motero. Makina oyendetsedwa ndi manambala amene akatswiri a ku MIT ku America anaonetsa mu 1952, ndi ndalama za gulu lankhondo la mumlengalenga la dzikolo, sanali omangidwa kuchokera pansi. Anali makina odulira zitsulo a kampani ya Cincinnati amene analipo kale, ndipo akatswiriwo anawaikira mamota ndi chowerengera tepi yoboolaboola.

Agiriki akale anafunsa funso lomweli pa nkhani ya ngalawa. Plutarch, amene analemba cha m'ma 100 AD, anasimba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya nkhafi 30 imene ankakhulupirira kuti Theseus anabwerera nayo kuchokera ku Crete. Thabwa likawola ankalichotsa n'kuika lina, ndipo anachita zimenezi mpaka m'nthawi ya Demetrius wa ku Phalerum, amene analamulira mzindawo kuyambira mu 317 mpaka 307 BC. Anthu oganiza mozama anagawanika: ena ankati ngalawayo ndi yomwe ija, ena ankati ayi. Otsutsawo anali ndi mfundo imene imabwera msanga m'mutu mwa aliyense, yakuti chinthu ndicho zimene chinapangidwa nazo, choncho zikachoka, nachonso chachoka. Koma mfundoyi ikalowa m'shopu imagwa tsiku lomwelo. Kampeni kodulira kamasinthidwa kangapo pa tsiku, thabwa la pamwamba pa tebulo limasinthidwa likatha, girizi amawonjezeredwa, bawuti ikasowa imaikidwa ina. Ngati kusintha chitsulo chimodzi kukupha makina, ndiye kuti palibe makina amene anakhalapo kwa sabata yathunthu. Ngati sikukupha, atiuze chitsulo chimene chimapha: chakhumi kodi, kapena cha makumi asanu? Palibe malire amene angalembedwe popanda kungolota. Kuwerenga zitsulo sikungatiuze pamene makina athera.

Chimene chimapanga makina kukhala makina ndi mgwirizano wa zitsulozo pa ntchito imodzi, ndipo umboni wake uli m'masamu amene wokonza aliyense amawadziwa. Mota ya mtundu wa stepper imayenda timasitepe 200 kuti izungulire kamodzi. Ikamazunguza ball screw yosuntha mamilimita 5 pa kuzungulira kulikonse, pamafunika timasitepe 40 kuti mtanda uyende milimita imodzi, ndipo nambala imeneyi imalembedwa m'pulogalamu. Tsono wokonza akaika ball screw ya mamilimita 10 n'kuiwala kusintha nambalayo, makinawo akauzidwa kuyenda mamilimita 100 amayenda 200. Chitsulo chilichonse n'chatsopano ndiponso n'chabwino, koma palibe chitseko chimene chingatuluke pamenepo. N'chimodzimodzi ndi sikweya. Mtanda ukapendekeka pang'ono pokha pa njanji zake, thabwa lililonse limatuluka lokhota ngodya, ndipo wokonza amayeza kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasa, mbali zonse ziwiri, mpaka miyeso ifanane. Ntchitoyi siifuna phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza makinawo amapala okha thabwa la pa tebulo lawo, kuti tebulolo ligwirizane ndi mmene mtanda wawo ukuyendera. Mulu wa masipeyala ogulidwa dzulo si rauta. Umasanduka rauta pamene chilichonse chayezedwa molingana ndi chinzake. John Locke anaona zimenezi mu 1694 pamene anafotokoza kuti wotchi ndi dongosolo la tizitsulo tolumikizidwa kuti tikwaniritse cholinga chimodzi. Dongosolo limenelo ndilo limene wokonza amalisunga pamene akusintha china chilichonse: amachotsa njanji yakale, n'kuika yatsopano pa mabowo ndi pa mzere umene yakaleyo inasiya.

Wina anganene kuti pa nthawi yokonzayo dongosolo lija limatha, chifukwa makinawo amakhala ali mbwee pansi, mtanda uku, mamota uko. Zimenezi n'zoona, koma kuphwasula n'kosiyana ndi kuwononga, ndipo nyanja ya Malawi ili ndi mboni. Sitima ya Ilala inamangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, inaphwasulidwa, inabwera m'zidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo italumikizidwanso inayamba kuyenda panyanjapo mu 1951. Palibe amene amati sitima ya ku Scotland inafa ndipo kuno kunabadwa ina. Kuyambira nthawiyo yakonzedwa kambirimbiri ndipo injini zake zinasinthidwapo, komabe anthu a ku Likoma ndi ku Nkhata Bay akaiona ikubwera sakayika kuti ndi Ilala yomwe anakwera makolo awo. Sakulakwitsa. Pamene zidutswazo zinali m'njira, chilichonse chinali ndi malo ake odziwika, ndipo panali anthu amene ankasunga mapulani ndi cholinga choti zibwerere m'malo mwake. Dongosolo limatha kukhala kanthawi m'mapepala ndi m'mitu ya amisiri popanda kutayika. Rauta imene ili mbwee pansi, mawaya ake atalembedwa manambala ndipo mabawuti ake ali m'zitini zolembedwa, ikadalipo. Imene yagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha pa sikelo ndiyo yatha, ngakhale chitsulo chake chilichonse chikanali padziko.

Chitsutso cholimba kwambiri chinachokera kwa Thomas Hobbes mu 1655. Iye anati tiyerekeze kuti munthu wina ankatola matabwa onse ochotsedwa pa ngalawa ya Theseus, kenako n'kuwalumikiza monga analili poyamba. Ngalawa zakhala ziwiri; yeniyeni ndi iti? M'shopu zimenezi zimachitikadi. Wophunzira ntchito amatha kutola mamota akale, njanji zakale ndi bokosi lakale, n'kudzimangira rauta yake pakona. Kodi si iyeyo amene ali ndi makina enieni? Ndikuti ayi, ndipo chifukwa chake chili pa kusiyana kwa zidutswa za Ilala ndi zotola za wophunzirayu. Zidutswa za Ilala zinachotsedwa kuti zibwerere. Mota yakale ya rauta inachotsedwa kuti isabwererenso, ndipo ina inalowa m'malo mwake n'kuyamba kugwira ntchito yake. Kuyambira tsiku limenelo inasiya kukhala chiwalo cha makinawo, ngakhale kuti inakhalapo chiwalo chake. Makina amene anapitiriza kudula matabwa a makasitomala chaka ndi chaka, osadukiza, ndiwo omwe aja. A wophunzirayo ndi atsopano omangidwa ndi zitsulo zakale, ndipo tsiku lawo lobadwa ndi limene iye anamanga bawuti yomaliza. N'zoona kuti wofufuza za mbiri, amene akufuna kuona mmene amisiri akale ankapangira mamota, adzapita pakona paja. Koma iye akufuna zitsulo zakale, ndipo funso lake ndi lina. Kusokonezeka kumabwera tikaphatikiza mafunso awiriwa ngati limodzi.

Chitsutso china chimachokera ku chiphunzitso cha Chibuda. M'buku lakale lotchedwa Milindapanha, mphunzitsi Nagasena anafunsa mfumu Milinda ngati galeta limene inabwera nalo linali mawilo, kapena mtanda wake, kapena goli. Mfumuyo itakana chilichonse, anagwirizana kuti galeta ndi dzina chabe limene anthu amapereka zinthuzi zikakhala pamodzi. Potsatira maganizo amenewa, mkangano wonse wa rauta ndi wa mayina, ndipo aliyense angaitche mmene wafunira. Muli nzeru m'chiphunzitsochi, chifukwa chimatiletsa kufunafuna kachinthu kobisika m'kati mwa felemu kamene tingati ndi mzimu wa makina. Kachinthu kotero kulibe. Koma kunena kuti dzina analipereka ndi anthu sikutanthauza kuti chimene dzinalo likuloza n'chongopeka. Kukhala pamodzi kwa zitsulo, m'njira iyi osati ina, kumayezeka ndi chida ndipo kumaoneka pa thabwa. Rauta iliyonse yakale ili ndi makhalidwe amene woigwiritsa ntchito amawadziwa: liwiro limene mtanda wake umayamba kunjenjemera, mbali ya tebulo imene inatsika pang'ono, kuya kumene ingadule thabwa la mlombwa popanda kulira. Mamota ndi spindle zikasinthidwa, ambiri mwa makhalidwewa amatsala, chifukwa amachokera ku kukula, kulemera ndi kamangidwe ka makinawo. Dzina silinjenjemera, ndipo silikhotetsa ngodya. Chimene chikupitirira n'chenicheni.

Palinso amene amavomereza zonsezi pa nkhani ya kukonza koma amakana pa nkhani ya kukweza. Iwo amati kubwezeretsa chitsulo chofanana ndi chakale n'kusunga, koma kuika champhamvu kuposa chakale n'kulenga china, popeza makina amene kale ankangodula matabwa ofewa tsopano akudula aluminiyamu. Apa pali malire enieni, ndipo tiyenera kuwaika pamalo pake. Kuchita bwino ntchito yomweyo sikusintha chinthu kukhala china. Rauta yothamanga ndi yolondola kuposa kale ikuchitabe chimene inamangidwira, chomwe ndi kuyendetsa kampeni kozungulira m'njira zitatu molamulidwa ndi manambala. Koma mwini wake akachotsa spindle, n'kuika muni wa plasma wodulira zitsulo, n'kusintha tebulo la thabwa kukhala beseni la madzi, cholinga chasintha ndipo dongosolo lonse lakonzedwa motsatira cholinga chatsopanocho. Pamenepo rauta yatha, ndipo felemu yake yaperekedwa kwa makina ena. Motero n'zotheka kusintha zitsulo zambiri makina n'kukhala omwe aja, ndiponso n'zotheka kusintha zochepa makina n'kukhala ena. Muyeso wake ndi ntchito ndi dongosolo, osati kuchuluka kwa masipeyala.

Ena amaona ngati mkanganowu ndi wa anthu osowa chochita. Maganizo amenewo amatha tsiku logulitsa. Ngati makina okonzedwanso ali omwe aja, ndiye kuti zaka zawo zimapita nawo kwa wogula. Felemu imene inang'alukapo n'kuwotchereredwa ikadali yowotcherera, ngakhale ipakidwe penti kawiri. Mtanda umene unapindikapo utagundidwa ukadali ndi mbiri imeneyo, ngakhale unyamule spindle yonyezimira. Wogulitsa amene amati makinawa ndi atsopano chifukwa choti zitsulo zooneka n'zatsopano akugwiritsa ntchito mfundo ya otsutsa a ku Athens aja kuti abise chilema. Buku la Miyambo, pa mutu 11, limaika sikelo yachinyengo m'gulu la zinthu zimene Mulungu amanyansidwa nazo, ndipo kubisa msinkhu wa felemu n'kukhotetsa sikelo. Komanso choonadi chomwechi chimateteza wogulitsa wokhulupirika. Felemu imene yagwira ntchito zaka zambiri popanda kupindika yapereka umboni umene yatsopano sinapereke, ndipo iye ali ndi ufulu wowerengera umboniwo pa mtengo. Mbiri ndi ngongole, komanso ndi chuma, ndipo palibe amene angatenge chumacho n'kukana ngongoleyo.

Apa m'pamene nkhani ya m'shopu ikukumana ndi nkhani ya chikhulupiriro. Thupi la munthu nalo limasintha zomangira zake mosalekeza. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120 n'kulowedwa m'malo ndi ena. Komabe palibe bwalo la milandu, kwa amfumu kapena ku khoti, limene lingamasule wakuba chifukwa choti magazi ake asintha. Vuto limabwera pa kusintha kwa mtima. Akhristu amaphunzitsa, potsatira kalata yachiwiri ya Paulo kwa Akorinto, kuti wokhala mwa Khristu ndi wolengedwa mwatsopano, ndipo pali anthu amene amatenga chiphunzitsochi ngati chikalata chofafaniza zakale zonse. Amati munthu amene anakongola ndalama uja, amene anasiya ana osawasamala uja, amene ananamizira mnzake uja, anafa, choncho asafunsidwenso. Malemba omwewo sakuvomereza zimenezi. Zakeyo atasintha mtima, mu Luka 19, sananene kuti wokhometsa msonkho wakale uja kulibenso. Analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda, ndipo kubwezako kunali kwanzeru chifukwa wolandayo ndi wobwezayo anali munthu mmodzi. Paulo mwiniwake sanabise kuti anazunza mpingo. Analemba zimenezi kwa Agalatiya ndi kwa Akorinto patapita zaka atatembenuka. Akanakhala kuti wozunzayo anali munthu wina, chisomo chikanasowa wochilandira, chifukwa wokhululukidwa ayenera kukhala yemwe analakwa. Kutsopano kumene chikhulupiriro chimalonjeza ndi kwa mtima, kwa zolinga ndi kwa mphamvu zochitira zabwino. Sikuti munthuyo wasinthanitsidwa ndi wina.

Wokhulupirira angadandaule kuti kuyerekeza munthu ndi makina n'kumuchepetsa, popeza munthu ali ndi mzimu pamene rauta ilibe. Dandaulo limeneli n'loona ndipo liyenera kulemekezedwa. Locke yemwe uja anasiyanitsa ziwirizi ponena kuti mphamvu yoyendetsa wotchi imachokera kunja, pamene ya chamoyo imachokera m'kati. Rauta siikumbukira thabwa limene inawononga, siimva chisoni, ndipo singapemphe kukonzedwa; mbiri yake amaiyankhira mwini wake. Munthu amakumbukira, amavomera, ndipo amatha kukana dzanja lomukonza. Koma kusiyana kumeneku kukulimbitsa mfundo yathu m'malo moifooketsa. Ngati chitsulo chopanda chikumbumtima chimanyamula mbiri yake kudutsa m'kusintha konse, kuli bwanji munthu amene amadziwa yekha zimene anachita? Ndipo m'menemu muli chitonthozo chachikulu kuposa cha iwo amene amalalikira kufafaniza. Mmisiri amakonzanso rauta chifukwa waona kuti muli chinachake choyenera kusungidwa. Akanaona kuti mulibe, akanaigulitsa pa sikelo. Mneneri Yeremiya, pa mutu 18, anaona woumba mbiya amene chiwiya chitawonongeka m'manja mwake sanataye dongo, koma anaumbanso chiwiya china ndi dongo lomwelo. Uthenga wake kwa Israeli unali wakuti Mulungu ali ndi mphamvu pa mtundu womwewo, kuuphwanya kapena kuumanga molingana ndi kutembenuka kwake. Chikhulupiriro chonena kuti Mulungu amakonzanso munthu chikunena kuti munthuyo, ndi zipsera zake, sanatayidwe.

Choncho chigamulo n'chakuti makina okonzedwanso ndi omwe aja malinga ngati dongosolo lawo ndi ntchito yawo zapitirira m'manja mwa anthu owasamala, ndipo chifukwa ndi omwe aja, mbiri yawo iyenera kunenedwa yonse. Inu amisiri, lembani m'buku la shopu chitsulo chilichonse chimene mwasintha, tsiku lake, ndi nambala iliyonse imene mwalowetsa m'pulogalamu, ndipo pogulitsa onetsani wogula pamene munawotcherera. Inu abusa ndi aphunzitsi a mawu, musalole kuti chiphunzitso cha kubadwanso chisanduke pobisalira anthu othawa ngongole ndi ana awo. Ndipo inu amene moyo wanu wasintha, musachite manyazi ndi dzina lanu lakale kapena kulikana. Pitani kwa amene munawalakwira, mukabweze zimene zingabwezedwe.